Aldabra: Kumene Nsomba Yogwidwa Imalembedwa m'Buku

Kum'mawa kwa Africa, pakati pa nyanja yaikulu ya mchere yotchedwa Indian Ocean, kuli chilumba dzina lache Aldabra. Chilumbachi ndi cha dziko la Seychelles, koma chiri kutali kwambiri ndi eni ache: kuchokera ku Mahé, kumene kuli likulu la Boma lao, munthu amayenda mailosi pafupifupi 700 pa nyanja kuti akafike. Madagascar ndiye ali pafupi, mailosi ngati 260, ndipo gombe la Africa liri pa mailosi ngati 400. Aphunzitsi amene ali ndi mapu m'sukulu zao angachipeze kumpoto chakumadzulo kwa Madagascar, moyang'anana ndi gombe la kumwera kwa Tanzania.

Pa chilumbapo palibe mudzi, palibe minda, palibe msika. Pamakhala anthu owerengeka, kawirikawiri osapitirira 20, ndipo nchito yao ndi kulonda chilumbacho ndi kuphunzira za zamoyo ziri pamenepo. Ndiwo yao yaikulu ndi nsomba, monga anthu onse a m'mbali mwa nyanja. Koma pali mwambo umodzi umene asodzi ambiri angaudabwe: nsomba yogwidwa kumeneko siilowa mumphika isanayesedwe pa sikelo ndi kulembedwa m'buku.

Chilumba chonga nkhata

Chilumba cha Aldabra sichifanana ndi Likoma kapena Chizumulu, zimene ziri mapiri a miyala otuluka m'madzi. Chimaoneka ngati nkhata yoikidwa pa nyanja: mtunda wopapatiza wazungulira, ndipo pakati pali dziwe lalikulu la madzi a mchere. Zilumba za mtundu umenewu Angerezi amazitcha atoll. Nkhatayi ndi yotalika mailosi 21, m'mimba mwache mailosi 8 kapena 9, ndipo inaduka m'malo angapo, kotero kuti pali zilumba zikuluzikulu zinai: Grande Terre, Malabar, Polymnie ndi Picard. Nyumba za alonda ziri pa Picard.

Anamanga chilumbachi ndi tizirombo tating'ono ta m'madzi totchedwa korali. Kachirombo kali konse ndi kofewa, ndipo kamadzimangira kanyumba ka mwala wa njereza ndi zimene kamatenga m'madzi a m'nyanja. Kakafa kanyumbako kamatsala, ndipo tina timamanga pamwamba pache, monga chiswe chimakuzira chulu. Charles Darwin analongosola m'chaka cha 1842 umo nkhata yotere imayambira. Iye anati korali amayamba kumanga mozungulira phiri la moto lotuluka m'nyanja. Phirilo limanka likumira pang'onopang'ono, koma korali, pofuna kuwala kwa dzuwa, amamangabe chokwera, kufikira phiri litazimirira ndi kutsala nkhata yokha. Ambiri anakayika mau achewo. Koma m'chaka cha 1952 anthu anaboola pansi pa chilumba china cha mtundu womwewu, Enewetak ku nyanja ya Pacific, ndipo atapyola mapazi oposa 4,000 a mwala wa korali anapezadi mwala wa phiri la moto.

Pa Aldabra mwalawo unatukuka pamwamba pa madzi, malo ena mapazi 25, ndipo mvula ndi mafunde zaudya mpaka kuusiya ndi mano akuthwa ong'amba nsapato. Mtsinje palibe, anthu amadalira makamaka madzi a mvula osungidwa m'matanki. Kuyambira May kufikira October kumaomba mphepo ya kumwera chakum'mawa, mbale wache wa mwera wa pa nyanja ya Malawi, ndipo nyengo imeneyo nyanja imakalipa.

Madzi olowa ndi kutuluka

Nyanja ya mchere iri ndi khalidwe limene anthu okhala kutali nayo salidziwa. Kawiri pa tsiku madzi amakwera, kawirinso amaphwa, chifukwa mwezi umawakoka. Pa Aldabra, mwezi ukangooneka kapena ukakhala wathunthu, madzi amakwera ndi kutsika mapazi 8 kapena 10. Dziwe la pakati lija ndi losaya, kotero madzi akaphwa kwambiri mbali yaikulu imasanduka mchenga ndi matope. Patapita maora 6 madzi onse aja ayenera kubwereramo, ndipo njira yao ndi mipata yokha ya pakati pa zilumba. Mpata waukulu umatchedwa Grande Passe. M'menemo madzi amathamanga ngati mtsinje wosefukira, choyamba cholowa, kenaka chotuluka, usana ndi usiku.

Chuma cha chilumbachi chagona pamenepa. M'mphepete mwa dziwe muli nkhalango za mitengo yomera m'madzi a mchere, yotchedwa mangrove, ndipo pakati pa mizu yache ana a nsomba ndi ana a shaki amabisala kufikira atakula. Pansi pa dziwe pamamera udzu wa m'madzi, msipu wa akamba a m'nyanja ndi wa dugong, nyama yonenepa yoyamwitsa imene m'dziko lonse la Seychelles inatsala pa Aldabra pokha. Madzi akamatuluka amakokolola zakudya za m'dziwemo, ndipo nsomba zikuluzikulu zimangodikira pa khomo, monga mono wotcheredwa pa mpata wa madzi.

Kutalika sikunachiteteze

Munthu angaganize kuti chilumba cha kutali chotere, chopanda mtsinje ndi doko, chinasungika chokha. Mbiri yache ikukana.

Oyamba kuvutika anali afulu. Fulu wa ku Aldabra ndi wamkulu zedi, wamphongo amafika mapaundi 500, ndipo angathe kukhala miyezi osadya osamwa. Chifukwa chache amalinyero akale ankawaunjika amoyo m'zombo zao ngati ndiwo ya paulendo. Pa zilumba za Mauritius, Réunion ndi Rodrigues afulu akuluakulu anatheratu, osatsala ndi mmodzi yemwe. M'chaka cha 1874 Darwin ndi anzache ophunzira analembera kalata Bwanamkubwa wa Mauritius, amene masiku amenewo ankalamuliranso zilumba za Seychelles, kupempha kuti otsala a pa Aldabra asungidwe. Lero alipo oposa 100,000.

Kuyambira m'chaka cha 1888 Boma linkabwereketsa chilumbachi kwa amalonda. Iwo anaika anchito pa Picard odula mitengo ya mangrove, owedza nsomba ndi kuziyanika ndi mchere, ndi opha akamba a m'nyanja. Kupha kamba sikufuna luso. Wamkazi amatuluka usiku kukaikira mazira mumchenga. Munthu amangomugadabuza, ndipo sangathenso kuthawa. Nyama ankaiyanika, ndipo mnofu wina wa m'kati mwa chigoba ankautumiza ku Ulaya kukaphikira msuzi wa anthu olemera. Choipa chache nchakuti ophawo ankatenga makamaka aakazi obwera kudzaikira, ndiko kudya mbeu. Ndipo popeza kamba amatha zaka 25 kapena kuposa asanayambe kuikira, kuonongekako sikunaoneke msanga. Chaka ndi chaka akamba obadwa kale anali kubwerabe, ndipo kunali kwapafupi kuganiza kuti sadzatha. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 maenje a mazira pa chilumba chonse anali 2,000 kapena 3,000 okha pa chaka.

M'chaka cha 1968 lamulo linaletsa kupha akamba kumeneko. Pa zaka za pakati pa 2014 ndi 2019 alonda oyenda m'magombe m'mamawa kuwerenga mapazi a akamba anapeza kuti maenje a mazira apitirira 15,000 pa chaka. Zinabwerera ndithu, koma zinatenga zaka 50, moyo wonse wa nchito wa munthu mmodzi.

Panalinso ngozi ina imene ikadatha zonse nthawi imodzi. M'chaka cha 1965 Boma la Britain linachotsa Aldabra ku Seychelles ndi cholinga chomangapo bwalo la ndege za nkhondo pamodzi ndi America. Bungwe la anthu ophunzira la ku London lotchedwa Royal Society linakana kwamphamvu, ndipo nkhaniyi inafika m'nyuzipepala ndi m'Nyumba ya Malamulo. Komabe chimene chinathetsa mlandu ndi thumba: mu November 1967 ndalama ya Britain inatsika mphamvu, Boma linadula zina mwa nchito zache za nkhondo, ndipo ya Aldabra inali m'gulu lomwelo. Royal Society inamanga nyumba ya kafukufuku pa Picard m'chaka cha 1971. Chilumbachi chinabwerera ku Seychelles pa ufulu wao m'chaka cha 1976, ndipo m'chaka cha 1979 chinaperekedwa m'manja mwa bungwe la Seychelles Islands Foundation, limene likuchiyang'anira mpaka lero. M'chaka cha 1982 bungwe la UNESCO linachilemba pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, mndandanda womwewo umene Lake Malawi National Park inalowamo m'chaka cha 1984. Poyamba madzi otetezedwa ankalekeza pafupi ndi gombe, mtunda woposa pang'ono theka la mailo; m'chaka cha 2018 malirewo anakankhidwira kutali m'nyanja yakuya.

Kuwedza ndiwo yokha

Lamulo la nsomba pa Aldabra ndi lalifupi. Palibe wowedza zogulitsa. Khoka, matchera ndi mikondo nzoletsedwa. Mlendo saloledwa kuponya mbedza. Ololedwa ndi anchito a pa chilumbapo okha, pakuti sitima yobweretsa ufa, mpunga ndi mafuta imafika patapita miyezi, ndipo munthu sangakhale miyezi wopanda ndiwo. Iwo amapita ndi ngalawa yaing'ono, nawedza ndi chingwe cha pamanja ndi nyambo, monga msodzi wina ali yense.

Akabwerako nchito ya cholembera imayamba. Amalemba mtundu wa nsomba, kulemera kwache, malo amene yagwidwa, anthu amene anawedza ndi nthawi imene anakhala pa madzi. Zotsirizazi ndizo zofunika kwambiri, ngakhale zimaoneka ngati zachabe. Msodzi akabwera ndi nsomba 10 lero, monga anabwera ndi 10 chaka chatha, anthu a pa gombe adzati nyanja iri bwino. Koma ngati chaka chatha anazigwira m'maora awiri ndipo lero watha maora asanu, nsomba zachepa, ngakhale dengu ndi lodzaza chimodzimodzi. Diso la munthu siliona kuchepa kotere, ndipo mtima umaiwala za chaka chatha; buku ndilo limakumbukira.

Ndipo bukulo linanena zosayembekezeka. M'chaka cha 2009 anthu ophunzira anasindikiza zimene anapeza ataonkhetsa zolembedwa za zaka ngati 10, ndipo zinasonyeza kuti nsomba zogwidwa pa nthawi yofanana ya kuwedza zinali kucheperachepera. Ichi chinachitika pa chilumba chotetezedwa, chopanda khoka ndi msika, kumene odya nsomba sangadzaze ndi lole imodzi yomwe.

Chifukwa chimodzi chiri m'khalidwe la nsomba za m'matanthwe a korali. Izi sizifanana ndi usipa, umene umakula ndi kuswana m'chaka chimodzi. Nsomba yofiira imene anthu a ku Seychelles amaitcha varavara imakhala zaka zoposa 50. Ina ya kamwa lalikulu, imene iwo amati vyey ndipo Angerezi amati grouper, imakhala m'phanga lomwelo zaka zambiri, ndipo ndi yaumbombo, yosachedwa kumeza nyambo. Chodabwitsa china nchakuti mitundu yambiri ya grouper imayamba moyo iri yaikazi, ndipo ina ikakula kwambiri imasanduka yamphongo. Tsono msodzi wosankha zikuluzikulu zokha amachotsa atonde m'khola osadziwa. Ngalawa imodzi yobwerera pa thanthwe lomwelo sabata ndi sabata, chifukwa ndi lapafupi ndi nyumba ndiponso lobisika ku mphepo, ingathe kulipulula m'zaka zochepa. Oyang'anira chilumba anapatula malo owerengeka owedzeramo ndiwo, ndipo kwina konse mbedza siiponyedwa.

Nzeru yopumitsa madzi si yachilendo kwa anthu a ku Salima. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, asodzi amachoka nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Komabe sikungakhale chilungamo kuyerekeza malo awiriwa ngati ofanana. Pa Aldabra pakamwa podyetsa mpochepa, ndipo anchito amalandira malipiro ao kaya nsomba zagwidwa kaya ai. Ndalama zache zambiri zimachokera ku chilumba china, Praslin, kumene alendo amalipira polowa m'nkhalango ya migwalangwa ya Vallée de Mai imene bungwe lomwelo limasunga. Kumene mudzi wonse umadya ndi kuvala kuchokera m'khoka, kutseka madzi ndi nkhani yolemera koposa. Chimene chingatengedwe kuli konse, popanda mtengo waukulu, ndi sikelo ndi buku.

Akuba nao alipo. M'zilumba za kutali za Seychelles nthawi zina mumagwidwa ngalawa zachilendo zofuna zipsepse za shaki ndi tizirombo ta pansi pa nyanja togulitsidwa ku Asia. Kulonda chilumba cha mailosi 21 ndi anthu ochepa chotere ndi nchito yovuta, makamaka nyengo ya mphepo pamene ngalawa yaing'ono siingazungulire kumwera.

Kubira

Buku la asodzi limanena za nsomba zakufa. Kuti zamoyo ziwerengedwe munthu ayenera kuzitsata kwao, ndiko kubira, kulowa pansi pa madzi. Anyamata a m'mbali mwa nyanja amabira ndi mpweya wa m'chifuwa mwao, mphindi imodzi kapena ziwiri. M'chaka cha 1943 anthu awiri a ku France, Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan, anapanga chipangizo chimene chinasintha zonsezi. Wobira amabereka botolo lachitsulo lodzaza ndi mpweya wopanikizidwa, mpweya wamba womwe anthu amapuma, ndipo pakamwa amaluma kachipangizo kamene kamampatsa mpweyawo pokhapokha akakoka. Kumaso amavala galasi, kumapazi zipsepse za mphira. Atatero angathe kukhala pansi pafupifupi ora lathunthu.

Koma madzi ndi olemera, ndipo ali ndi malamulo ao osakambirana. Pa mapazi 33 thupi limapanikizidwa kawiri kuposa pamtunda, pa mapazi 66 katatu. Mpweya wopumidwa pansipo ndi wothinana, ndipo munthu akamakwera umafufuma. Wokwera atatseka mpweya m'chifuwa angang'ambe mapapo ache. Chachiwiri ndi ichi: mbali yaikulu ya mpweya ndi nitrogen, ndipo pansi pa madzi nitrogen amasungunukira m'magazi. Munthu akakwera pang'onopang'ono amatuluka bwino ndi kupuma. Akakwera mothamanga zimachitika zonga za botolo la chakumwa cha thovu lotsekulidwa mwadzidzidzi: thovu limabuka m'magazi ndi m'mfundo za mafupa, munthu amapindika ndi ululu, ena amapuwala, ena amafa. Mankhwala ache ndi kumtsekera m'chipinda chachitsulo chopanikiza mpweya, kenaka kuchepetsa mpweyawo pang'onopang'ono. Pa Aldabra chipinda chotere palibe. Wodwala ayenera kunyamulidwa mailosi 700 aja kupita ku Mahé. Chifukwa chache obira kumeneko sapita mwakuya mwachibwana, sabira munthu yekha, ndipo ngalawa imakhala pamwamba pao nthawi zonse.

Kubira kotchuka pa Aldabra ndi kwa m'mipata ija. Obira amalowa m'madzi cha kunja pamene nyanja yayamba kukwera, pakuti nthawi imeneyo madzi ndi oyera ndipo amawatengera m'dziwe, osati ku nyanja yakuya. Sasambira konse, madzi amawanyamula okha, ndipo makoma a korali amangodutsa kumanja ndi kumanzere monga mitengo imadutsira munthu wokwera sitima ya pamtunda. Kulimbana ndi madziwo nkosatheka. M'njiramo amakomana ndi grouper zina zotalika ngati munthu, akamba, magulu a varavara, ndi nsomba zophwatalala za mapiko zouluka m'madzi ngati mbalame. Pali nsomba inanso ya chipumi chotupa ndi mano onga mlomo wa chinkhwe, imene imaluma korali weniweniyo ndi kumtulutsa ali mchenga. Mbali ina ya mchenga woyera wa m'magombe otere inadzera m'mimba mwa nsomba za mtundu umenewu.

Ndiponso pali ashaki ambiri, ndipo kwa wodziwa ichi ndi chizindikiro chabwino. Kumene kuli mikango kuli nyama. M'malo ambiri a Indian Ocean ashaki ndi nsomba zikuluzikulu ndizo zinayamba kutha, kotero wobira amangoona tinsomba tating'ono tothawa munthu. M'chaka cha 2015 gulu la bungwe la National Geographic linabira m'zilumba za kutali za Seychelles, ndipo linapeza kuti Aldabra ndi amodzi mwa malo a nsomba zochuluka koposa m'nyanja yonseyo.

Cousteau mwini anafika ku Aldabra ndi sitima yache Calypso m'chaka cha 1954, ndipo kanema wache The Silent World, amene anatuluka m'chaka cha 1956, anaonetsa anthu ambiri kwa nthawi yoyamba za pansi pa nyanja. Koma woonera kanemayo lero amadzidzimuka. M'menemo anthu ache akukwera pa misana ya afulu, akupha ashaki, ndipo pofuna kudziwa nsomba za pa thanthwe lina akuphulitsa bomba m'madzi ndi kutola zakufa. Umo ndimo ophunzira ena ankawerengera nsomba masiku amenewo. Cousteau pambuyo pache anakhala mmodzi wa oteteza nyanja odziwika kwambiri. Lero anchito a pa Aldabra amatambasula chingwe choyezera pansi pa madzi, pa malo omwewo chaka ndi chaka, nasambira motsata chingwecho akulemba ndi pensulo pa sileti losaopa madzi. Kumene munthu sangafike amatsitsa kamera yomangiriridwa nyambo, ndipo nsomba zimabwera zokha kudzajambulidwa.

Alendo ofuna kubira amaloledwa, koma ndi ochepa, pakuti ulendowo ndi wodula. Ayenera kupempha chilolezo ku bungwe lija, amalipira msonkho wa tsiku liri lonse, amagona m'sitima zao popeza hotela palibe, ndipo amayenda ndi mlonda. Saloledwa kutola kanthu, ngakhale chigoba cha nkhono. Katundu wotsikira pamtunda amaunikidwa kuti asabweretse mbeu za zomera zachilendo kapena tizirombo. Bwalo la ndege lapafupi liri pa chilumba cha Assumption, mailosi ngati 20 kumwera. M'chaka cha 2009 achifwamba a pa nyanja ochokera ku Somalia analanda sitima ya obira yotchedwa Indian Ocean Explorer m'madzi omwewa, nasunga anchito ache pafupifupi miyezi itatu, ndipo kwa zaka zingapo alendo anachepa kwambiri.

Zimene mlonda sangazibweze

Pali adani awiri amene safunsa chilolezo. Woyamba ndi kutentha kwa madzi. M'thupi la korali mumakhala timbeu tobiriwira tosaoneka ndi maso, timene timampangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa ndi kumpatsa maonekedwe ache. Madzi akatentha kupyola muyeso kwa masabata angapo, korali amatitaya, nayera mbuu ngati fupa, ndipo kutenthako kukapitirira amafa ndi njala. Izi zinachitika m'chaka cha 1998 ndiponso m'chaka cha 2016. M'chaka cha 2016 matanthwe a kunja kwa nkhata anataya korali woposa theka, pamene a m'dziwe anataya ngati gawo limodzi mwa magawo atatu ndipo anachira msanga. Korali wa m'dziwe anazolowera madzi osaya otentha masana ndi kuzizira usiku. Kuchirako kumathandizidwanso ndi nsomba zodya ndere, zimene zimapalira thanthwe lakufa kuti ana a korali apeze pomera. Kumene nsombazo zinagwidwa zonse ndere imaphimba thanthwe ngati munda wosalimira.

Mdani wachiwiri ndi zinyalala. Mphepo ya kumwera ndi mafunde zimakankhira pa gombe la Grande Terre zinthu zotayidwa m'maiko ndi m'sitima za kutali. M'chaka cha 2019 achinyamata a ku Seychelles ndi ophunzira a ku Oxford anakhala masabata 5 akutola ndi manja, nachotsa matani 25. Mwa zimenezo munali nkhwaira za mphira 60,000, pa chilumba chopanda mudzi. Ataonkhetsa anapeza kuti pa chilumba chonse patsala matani oposa 500, ndi kuti kuchotsa zonse kungadye ndalama zoposa madola 4 miliyoni.

Poyesa kulemera kwa zinyalalazo, magawo oposa 8 mwa magawo 10 anali zida za usodzi: zingwe, maukonde, ndi zoyandamitsa maukonde. Zina mwa izo ndi maphaka amene sitima zikuluzikulu zogwira nsomba ya tuna zimaponya m'nyanja. Tuna amakonda kusonkhana pansi pa chinthu choyandama, motero asodziwo amamanga phaka, napachika maukonde akale kunsi kwache, naikapo kachipangizo kowauza kumene phakalo liri, ndipo amalisiya liyende ndi madzi. Nsomba zikasonkhana amabwera ndi khoka lalikulu kuzungulira zonse. Maphaka ambiri amatayika. Ena amayenda mailosi mazanamazana kufikira atakodwa pa matanthwe a Aldabra, kumene maukonde ache amathyola korali ndi kukola akamba. Pa magombe a kumwera kamba wobwera kudzaikira amayamba wakwawa pa zingwe ndi mabotolo asanapeze mchenga wokumba, ndipo ana ache akaswa amadzeranso pomwepo popita kumadzi.